Bambo Anagwa Kangati

Lamulungu, 3 Seputembala 1995

Lero ndinadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku limene tinkalemba mayeso a masamu. Chinthu choyamba ndinapisa dzanja pansi pa mkeka kuti ndione ngati kope langa lilipo. Linalipo. Ndinaligwira kanthawi ndithu, ndikudziuza kuti ngakhale andikalipire pamaso pa anthu, lero ndilankhula. Ankhoswe anali atapangana kukumana tikaweruka ku tchalitchi, kuti agamule ngati Bambo akhalebe nafe kapena abale awo awatenge kupita nawo kwawo.

Panopa ndi madzulo, dzuwa likadalipo pang'ono, ndipo ndikufuna kulemba zonse kuchokera pachiyambi. Chiyambireni kudwala kwa Bambo ndimaopa kuiwala kuposa njoka.

Bambo kwawo ndi kwa Kuntumanji. Kuno kwa Mwambo anabwera chikamwini, ndipo chimene chinawabweretsa ndi mpira. Anadzasewera ndi timu ya mudzi wathu, anaona Amayi akugulitsa nzimbe m'mbali mwa bwalo, chaka chotsatira anali atamanga nyumba kuno ndipo ankasewerera timu yomwe anadzaigonjetsa ija. Ankatchinga kumbuyo. Mpaka lero anthu akuluakulu a kudoko lathu la Kachulu sawatchula dzina, amangoti a Namba Faifi. Anasiya mpira ine ndili Sitandade 4. Ntchito yawo inali ya panyanja, ndipo kenaka anayamba kutenga matemba pa njinga kukagulitsa ku Zomba.

Zachilendo zinayamba zaka zitatu zapitazo. Tsiku lina anapita ku Zomba ndi dengu lodzaza, nabwerera nalo lodzazabe. Amayi atafunsa, Bambo analiyang'ana dengulo nthawi yaitali, kenaka anati, "Kodi ndimapita kapena ndimabwera?" Tinaseka tonse, iwonso anaseka. Sitinadziwe kuti ndi chiyambi.

Pambuyo pake manja anayamba kunjenjemera. Akamasoka ukonde amamanga mfundo, kumasula, kumanganso pomwepo mpaka dzuwa kufika pamutu. Mayendedwe anasintha, amatangadza miyendo ngati munthu amene waima m'bwato pa mafunde. Mutu umawapweteka kawirikawiri. Munthu amene sanandikwezerepo mawu anaswa wailesi yathu ndi mwala chifukwa inkalankhula iwo akufuna kukumbukira chinachake. Atatha anakhala pansi n'kuyamba kutolera zidutswa zake, akulira.

Chaka chino nyanja yathawa. Pamene ankamangirira bwato pali matope ong'ambika okhaokha, madzi ali kutali moti sitiwaona n'komwe. Aliyense anazolowera, kupatula Bambo. M'mawa uliwonse akafika pamenepo amadabwa mwatsopano, n'kubwerera akuthamanga kudzatiuza kuti madzi apita. Amayi amawayankha mofanana tsiku ndi tsiku: "Abwera ndi mvula, bambo ake. Khalani pansi."

Mawu a Amayi okha ndi amene amawakhazika pansi. Ife ena amatidziwa lero, mawa osatidziwa, koma Amayi sanawasokonezepo. Choncho amawatsata paliponse. Amayi akapita kudimba, Bambo ali pambuyo. Akapita ku mjigo, Bambo amakaima pakati pa azimayi atanyamula nkhata ya Amayi m'manja. Chakudya salandira kwa munthu wina aliyense, ngakhale kwa ine. Amatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma, mpaka Amayi abwere.

Mu Julaye kunabwera Azakhali, mlongo wawo wa Bambo, amene anawalera agogo atamwalira. Anatipeza ku mjigo. Anaima kutsogolo kwa Bambo akumwetulira, atatambasula manja. Bambo anabisala kumbuyo kwa Amayi n'kufunsa chonong'ona, koma tonse tinamva: "Mlendoyu ndi ndani?"

Tinabwerera nawo Azakhali kunyumba. Atakhala pakhonde, anamasula mpango, kuumanganso, kenaka anati, "Alamu, mwachulutsa."

"Ndachulutsa chiyani, alamu?" anafunsa Amayi.

"Musandiyese mwana. Mwamuna wamkulu kumanyamula nkhata ku mjigo? Kukana madzi a mlongo wake? Kondaine ameneyu. Ena amathira pang'ono, inu munakhuthula botolo lonse."

Ine kondaine ndinkangomumva kwa atsikana kusukulu, kuti ndi mankhwala amene mkazi amathira mu ndiwo kuti mwamuna azikonda iye yekha, ndipo akachuluka mwamunayo amapusa. Sindinaganizepo kuti mawu amenewo angalowe m'nyumba mwathu. Azakhali anati aitanitsa ankhoswe. Bambo awatenga akawasanzitse kwa sing'anga kwawo, ndipo kuno sadzabwereranso.

Amayi anapitiriza kupeta mpunga umene unali woyera kale. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo chimene ndinkaganiza chinali chimodzi: akawatenga, adya kwa ndani? Munthu amene amakana nthochi ya m'manja mwanga sangathe sabata kwa Kuntumanji.

Sukulu itatsekera ndinawaumiriza Amayi kuti tipite nawo Bambo kuchipatala chaching'ono cha kuno. Anali atapitako kale kawiri, n'kungolandira mankhwala a mutu. Ulendo uno tinapeza adokotala ena, achinyamata, osafulumira. Anawayeza magazi, anawaunika m'maso, anawauza kuti ayende kuchoka pakhomo kufika pawindo. Anafunsa ngati amamwa mowa. Amayi anati sanaulawepo. Kenaka adokotala anayamba kupapasa mutu wa Bambo, ndipo zala zawo zinaima pamwamba pa khutu.

"Chipsera ichi n'cha chiyani?"

"Mpira!" anayankha Bambo okha, nkhope itawala. Anagwira dzanja la adokotala n'kulisuntha. "Ichi polo. Ichi chigongono. Ichi jombo ya mphunzitsi wina wake wonenepa." Miyezi yambiri inali itapita ndisanawamve akulankhula mawu olongosoka chonchi.

Adokotala anatembenukira kwa Amayi. "Anakomokapo pabwalo?"

Amayi anaseka pang'ono. "Kukomoka? Imeneyo inali ntchito yawo, adokotala. Anthu ankabwerera zomwezo, kudzaona akugwa n'kudzuka."

Adokotala sanaseke. Anatenga chitini chosungiramo thonje n'kuchikweza. "Mayi, muike tomato m'chitini ichi, mutseke, mumange pa njinga, mupite ku Zomba pa msewu wathuwu. Chitini chikafika chili bwinobwino. Nanga tomato?"

"Aphwanyika," anatero Amayi.

"Mutu ndi chitini. Ubongo ndi tomato." Anati pali matenda amene amadziwika kwa osewera nkhonya, oti ubongo ukagwedezeka kambirimbiri umayamba kufota pang'onopang'ono patapita zaka, munthu atasiya kale masewerawo. Anati sangalumbire kuti ndi amenewa, chifukwa alibe chowaonera m'kati, ndipo ngati ndi amenewa palibe mankhwala obwezera munthu mmene analili. Amayi anayang'ana pansi. Kenaka adokotala anati akufuna kulemba kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, koma ayenera kudziwa kuti Bambo anakomoka kangati, komanso ankagona nthawi yaitali bwanji.

Amayi sanadziwe. Bambo anali atabwerera kale m'chete wawo, akusewera ndi ngodya ya chitenje cha Amayi.

"Chemwali, muli fomu chani?" anandifunsa adokotala.

"Ndalemba kumene mayeso a Fomu 2."

"Ndiye muli ndi kope ndi nthawi. Kafunseni amene ankasewera nawo."

Ndinatuluka m'chipindamo ndi zinthu ziwiri mumtima. China chinali cholemera, chakuti Bambo mwina sadzachira. China chinali chopepuka moti ndinachita nacho manyazi: ngati ndi mpira, ndiye kuti si Amayi.

Masabata atatu ndinayenda ndi kope. Ku Kachulu masiku ano amuna ali ndi nthawi yambiri, chifukwa nsomba kulibe. Amakhala pamthunzi wa mathandala oyanikapo nsomba opanda kanthu, akusewera bawo. Poyamba ndinkaopa kuti andithamangitsa, mtsikana kumafunsa za mpira. Koma nditangonena kuti ndine mwana wa a Namba Faifi, anandipatsa mpando. Aliyense ankafuna kuti nkhani yake ilembedwe poyamba. Ankakangana, kutsutsana, kuimirira kuti andionetse mmene Bambo ankadumphira. Onse pomaliza ankanena chimodzi: "Upite kwa Che Goloboyi. Iwo ankaona zonse ali kumbuyo."

Che Goloboyi ankagwira pagolo zaka zonse zimene Bambo ankatchinga. Tsopano ndi telala, ali ndi makina awo pakhonde la golosale. Ndinawapeza akusoka yunifolomu, kofia ili pambali, ulusi uli pakamwa.

"Mwana wa Faifi? Tayandikira ndikuone. Eee, chipumi chomwecho! Iwe ukanakhala mwamuna ndikanapuma pagolo."

Ndinawauza kuti ndikulemba nthawi zonse zimene Bambo anakomoka pa mpira.

"Kope lakolo lili ndi mapeji angati?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanangu, mpira wa masiku ano ndi chibaluni. Wathu unali wachikopa, womanga ndi chingwe ngati nsapato. Ukanyowa pa bwalo la kudambo paja unkalemera ngati dzungu. Anzake ankauthawa, kunamizira kuterereka. Bambo ako ankaupita ndi mutu. Phuu! Mpaka ku chilumba cha Chisi ankamva."

Anandifotokozera za chidebe. Timu iliyonse inkasunga chidebe cha madzi kuseri kwa golo. Munthu akagwa osadzuka, ankamuthira madzi kumutu, kumuomba mbama ziwiri, n'kumufunsa kuti ali kuti. Akatchula dzina la mudzi, ndiye kuti wachira, abwerere m'bwalo. Panalibe wolowa m'malo mwake, anthu ankakwana khumi ndi mmodzi basi.

"Tsiku lina tinamufunsa, Faifi, uli kuti? Iye akuti, ndili ku tchalitchi. Ine ndinati, ameni, dzuka ukapereke chopereka! Anadzuka, mwanangu, ndipo anachinya ndi mutu womwewo. Madzulo akutifunsa kuti kodi mpira uja tisewera liti."

Ndinalemba. Zaka sankazidziwa ndi manambala, ankati chaka chimene madzi analowa m'minda, kapena nthawi imene Amayi anali ndi pakati pa ine. Ndinkalemba momwemo. Ndinagawa tsamba m'mizere inayi: liti, chinawagunda n'chiyani, anagona nthawi yaitali bwanji, anachita chiyani atadzuka. Nkhani ikanenedwa ndi munthu mmodzi yekha ndinkaika kafunso pambali mpaka wina aitsimikize. Pomaliza ndinapeza kukomoka 14 pa mpira, ndi kawiri pamene anagwa ndi njinga ya nsomba. Zonse 16.

Ulendo wachitatu Che Goloboyi anandifunsa kuti kodi zimenezi ndi za kusukulu. Ndinawauza zoona. Ndinawauza za tomato m'chitini, za Azakhali, za kondaine, ndi za ankhoswe.

Makina anaima. Anachotsa ulusi pakamwa.

"Chidebe chija ndinkathira ndine," anatero. "Chinkakhala kuseri kwa golo langa. Ife tinkati tikumudzutsa."

Ndinawapempha kuti abwere Lamulungu adzanene zimenezi pamaso pa ankhoswe. Anapukusa mutu. Anati iwo si nkhoswe, si mbale, ndipo nkhani za m'banja la eni salowerera. Ndinati ine ndine mwana, sandilola kulankhula, koma iwo ali ndi imvi. Anayambanso kupalasa makina, koma ndinaona kuti singano inalibe ulusi.

Dzulo ndinapita kwa Amalume, mchimwene wawo wa Amayi, amene ndi nkhoswe ya mbali yathu. Ndinawaonetsa kope. Analitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Walemba bwino. Koma mwana salankhula pa ankhoswe. Ntchito yako mawa ndi kubweretsa madzi akumwa."

Choncho lero, titaweruka ku tchalitchi, ndinabweretsa madzi. Kope ndinalimangirira m'chiuno, m'kati mwa chitenje. Anakhala pansi pa mango wathu: Amalume, Azakhali, ndi nkhoswe ya Bambo, mkulu wina wa kwa Kuntumanji amene ndinali ndisanamuonepo. Amayi anakhala pamkeka, Bambo pambali pawo atagwira ngodya ya chitenje. Nditapereka madzi sindinapite kutali. Ndinakhala pakhonde ndikunamizira kusankha nyemba.

Azakhali analankhula nthawi yaitali, ndipo sindinganame, analankhula bwino. Anati anamulera mlongo wawo ngati mwana wobala okha. Anamupereka kuno ali mwamuna wamphamvu, woti akayenda nthaka inkamva. "Lero tamuonani. Akundiyang'ana ngati ndabwera kudzagula nkhuku. Misala ndimaidziwa, wamisala amathawa aliyense. Uyu wathawa tonse kupatula munthu mmodzi. Matenda ake ati osankha chonchi?"

Mkulu wa kwa Kuntumanji uja ankagwedeza mutu kuvomereza. Amalume anayesa kunena za chipatala, koma anasokoneza, anati adokotala akuti m'mutu muli tomato. Azakhali anaomba m'manja n'kuseka. Amayi atafunsidwa anangoti, "Ine sindinathire kanthu. Mulungu akundiona." Mawu awo anali aang'ono kwambiri. Mkulu uja anayamba kunena kuti mwina ndi bwino wodwalayo akapume kaye kwawo, ndipo ndinaona Amalume akuyang'ana pansi ngati munthu amene wavomera kale.

Ndinaika lichero pansi. Ndinaimirira. Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kumsewu.

Anali Che Goloboyi, atavala mkanjo woyera. Anatsamiritsa njinga ku nkhokwe, anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, kenaka anaima kutsogolo kwa Bambo.

"Faifi."

Bambo anakweza mutu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakweza dzanja n'kuloza kumbuyo kwawo. "Golo, bwerera pamzere. Watuluka kwambiri."

"Ndabwerera, Faifi, ndabwerera." Che Goloboyi anakhala pansi pomwepo, mkanjo woyerawo pa dothi. Anapukuta m'maso ndi kofia. Kenaka anauza ankhoswe kuti akudziwa kuti sanaitanidwe, ndipo sanabwere kudzaweruza banja. Anabwera kudzanena zimene iwo ndi anzawo anachita ndi mutu wa munthu uyu. Anafotokoza za mpira wonyowa, za mapolo a bulugamu, za chidebe. Ulendo uno sanaseke pena paliponse. Pomaliza anati, "Ine ndimasokoneza zaka. Mwanayu ndi amene walemba zonse. Muloleni awerenge, akhala ngati akuwerenga kalata yanga."

Amalume anayang'ana mkulu wa kwa Kuntumanji. Mkuluyo anati kalata ndiye imawerengedwa ndi aliyense wodziwa kuwerenga.

Ndinagwada m'mphepete mwa mkeka n'kumasula kope m'chiuno.

"Hoo, chinali m'chiuno!" anatero Azakhali. "Sukulu yake ndi imeneyi, yophunzira kutsutsa akuluakulu?"

Sindinawayang'ane. Ndinayamba kuwerenga mokweza monga amatiphunzitsira. "Kukomoka koyamba. Chaka chimene Bambo anakwatira Amayi, pa bwalo la kudambo. Anagundana mitu ndi wosewera wa timu ina. Anagona mpaka anathiridwa zidebe ziwiri. Atadzuka..."

"Bodza limenelo," anadula Azakhali.

Ndinasiya.

"Si koyamba kumeneko. Walemba zabodza. Anthu a kunyanja adziwa chiyani za mlongo wanga? Koyamba kunali kwathu, ndevu zisanamere. Anagunda polo ndi apa." Anadzigwira pamwamba pa khutu, pomwe adokotala anaimitsa zala. "Anabwera naye atamunyamula pa chitseko. Masiku awiri osatsegula maso. Ankasanza, ndinkapukuta ndine. Tsiku lachitatu anadzuka n'kunditchula kuti Amayi, chonsecho amayi athu tinali titaika kale m'manda. Mwezi wathunthu sankafuna kuona dzuwa, ndinkatseka windo ndi chiguduli. Atangochira, uyo ku mpira. Ndinamubisira nsapato, anapita wopanda nsapato. Anakomokanso kawiri chaka chomwecho, kachiwiriko anaiwala njira ya kumunda kwathu, ndinakamupeza atakhala pa chulu akulira, akuti sakudziwa..."

Anasiya pakati. Pakamwa panali potsegukabe. Nkhuku inkajompha nyemba zanga pakhonde.

Amalume anafunsa mofatsa kwambiri, "Pepani amayi, nthawi imeneyo mlongo wangayu anali atamuphikirapo?"

Azakhali anayang'ana Bambo, amene anali akupinda ngodya ya chitenje cha Amayi n'kuitambasula, kupinda n'kuitambasula. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira.

"Ukundiyang'ana chiyani? Lemba zimenezo. Uziike pamwamba, osati pansi."

Ndinalemba. Pamwamba pa tsamba panalibe malo okwanira, moti ndinalemba tizilembo tating'ono m'mphepete. Zinakwana 19. Kenaka anandiuza kuti ndipitirize, ndipo ndinawerenga zonse mpaka kugwa kwa njinga. Palibe anandidulanso.

Mkulu wa kwa Kuntumanji ndi amene anatseka nkhani. Anati iye wabwera ndi maganizo ena, koma makutu ake amva zina. Munthu amene amadya m'dzanja limodzi lokha sangachotsedwe pa dzanjalo. Bambo akhala kuno, banja lilipo, ndipo apite nawo kuchipatala chachikulu monga adokotala anenera. Anafunsa Azakhali ngati ali ndi mawu.

Azakhali sanapepese. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi mmene zinalili. Anati, "Ine sindinanene kuti ndakhutira. Adokotala a tomatowo ndikufuna ndikawamve ndi makutu anga. Sindibwerera lero." Koma mawu akuti kondaine sanawatchulenso.

Alendo atabalalika, Che Goloboyi anakhalabe pang'ono ndi Bambo, akuwakumbutsa zigoli. Zina Bambo ankazikumbukira, zina ankangomwetulira. Ponyamuka anandiuza kuti Loweruka kuli mpira kudambo, ndipo chidebe chikadalipo kuseri kwa golo. Anati apita akakhale pafupi nacho, ndipo amene agwe osadzuka msanga sabwereranso m'bwalo iwo akuona, kaya anyamatawo awatukwane.

Chimene sindidzaiwala chachitika posachedwapa, ndisanayambe kulemba. Azakhali anatulutsa nthochi m'thumba lawo, anaisenda, n'kuwapatsa Bambo. "Achimwene, idyani." Bambo anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Dzanja la Azakhali linakhala m'malere. Ndinaganiza kuti ayambanso.

Amayi anabwera. Anagwada pambali pa Azakhali, n'kuika dzanja lawo pansi pa dzanja la Azakhali, manja awiri nthochi imodzi.

"Bambo ake, alamu akupatsani nthochi."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana manjawo, anayang'ana Amayi, kenaka analuma. Analuma kachiwiri. Kachitatu Amayi anali atachotsa dzanja lawo mwakachetechete, ndipo Bambo sanazindikire. Anamaliza nthochi yonse m'dzanja la mlongo wawo. Azakhali anakhala chigwirire khoko lija, misozi ikutsikira pa bulauzi, osaipukuta.

"Alamu," anatero patapita nthawi, "tsiku lililonse zimakhala chonchi?"

"Katatu pa tsiku," anayankha Amayi.

Panopa onse awiri ali kuseri akutsuka mbale. Sindikumva zimene akukambirana, koma akukambirana.

Ndikudziwa kuti sitinachiritse munthu lero. Mawa m'mawa Bambo adzathamanganso kudzatiuza kuti madzi apita, ndipo mwina tsiku lina adzandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Koma adzafunsa ali pakhonde pawo, Amayi ali pafupi, ndipo wina adzawayankha.

Mawa ndidzuka m'mamawa ndikopere mizere yonse 19 pa pepala loyera, zitatu za Azakhali zili pamwamba monga anenera. Ndikabwereka njinga ya Amalume kuti Bambo akwere ine ndizikankha, Amayi ndi Azakhali aziyenda pambali. Tikafika ndikapereka pepalalo kwa adokotala kuti alembe kalata ija. Ndipo ndisanatuluke ndikawafunsa mafunso awiri amene ndalemba kale kumapeto kwa kope: tingachite chiyani kuti Bambo azilandira chakudya kwa anthu ena Amayi akadwala, ndiponso munthu amayenera kukhoza maphunziro ati kuti adzaphunzire za ubongo.